Njinga Zobwereka M'mizinda: Zomwe Ofufuza Zaumoyo Anapeza

Tikamanena njinga zobwereka, tikutanthauza njinga zakapalasa zomwe zimaikidwa m'malo osiyanasiyana mumzinda kuti aliyense alipire pang'ono, atenge imodzi, apalase yekha, n'kukaisiya pamalo ena oimikira pafupi ndi kumene akupita. Kusiyana kwake ndi kabaza n'koti wokwerayo ndi amene amatulutsa thukuta, ndipo phindu la thupi lagona pamenepo.

Mbiri yake

Ganizoli linayesedwa ku Amsterdam mu 1965, pomwe njinga zopakidwa utoto woyera zinasiyidwa m'misewu kuti anthu azikwera mwaulere, koma sizinapite patali. Zinadzakhazikika bwino mu 2007 pomwe Paris inayambitsa Vélib' ndipo Barcelona inayambitsa Bicing. London inatsatira mu 2010. Muno mu Africa, mzinda wa Marrakech ku Morocco unatsegula Medina Bike mu 2016.

Funso la ofufuza

Wopalasa njinga amalimbitsa mtima ndipo amachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe amapuma utsi wa magalimoto ndipo angathe kugundidwa. Nanga chikulemera n'chiti, phindu kapena chiopsezo?

Ku Barcelona, David Rojas-Rueda ndi anzake anasindikiza zotsatira zawo m'magazini ya madokotala ya BMJ mu 2011. Anawerengera anthu pafupifupi 182,000 olembetsa ku Bicing powayerekeza ndi oyenda pagalimoto. Malinga ndi masamu awo, kupalasako kunkapewetsa imfa pafupifupi 12 pachaka, pomwe imfa zoonjezereka kaamba ka utsi ndi ngozi sizinkafika n'komwe pa imodzi.

Ku London, James Woodcock ndi anzake anaunika maulendo 7.4 miliyoni ndipo analemba mu BMJ momwemo mu 2014. Nawonso anapeza kuti phindu likuposa chiopsezo, koma osati mofanana kwa onse. Linaoneka kwambiri mwa amuna kusiyana ndi akazi, komanso mwa achikulire kusiyana ndi achinyamata, poti matenda amene kupalasa kumateteza amagwira kwambiri anthu a zaka zambiri. Anapezanso kuti ambiri mwa maulendowo akanayendedwa wapansi kapena pabasi ndi sitima, osati pagalimoto ya mwini.

Tiziwerenga motani?

Tidziwe kuti manambalawa ndi oyerekeza pamasamu. Palibe amene anawerenga maliro mmodzimmodzi. Tidziwenso kuti phindu limadalira msewu. Kumene njinga zili ndi kanjira kakekake ndipo magalimoto amathamanga pang'ono, ovulala amachepa. Kumene njinga ikulimbirana msewu ndi malole, masamu a ku Barcelona sitingawakhulupirire chimodzimodzi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Kupalasa mphindi 15 popita kuntchito ndi 15 pobwerera, masiku asanu, kumakwanitsa mphindi 150 zimenezo.