Tsiku limene Kim Possible anatsiliza sukulu

Ana a m'makatuni ambili sakula. Bart Simpson akali na zaka 10 kucokela pamene The Simpsons inayamba mu 1989, ndipo anzake a Scooby-Doo akali acinyamata ngakhale kuti anayamba kuthamangitsana na mizukwa mu 1969. Nkhani yagona pa ndalama. Mwana wa m'katuni akatsiliza sukulu, pulogilamu nayo yasila, ndipo kampani ilibenso cogulitsa. N'cifukwa cake nimakumbukila 7 September 2007, tsiku limene Disney Channel ku America inaonetsa "Graduation", mapeto a Kim Possible.

Amene munakulila pa nyumba ya DStv, kapena munali kupempha malo pa mpando wa aneba monga ine, mumudziwa Kim. Bob Schooley na Mark McCorkle ndiwo anamupanga, ndipo anaonekela koyamba mu June 2002. M'mawa ali m'kalasi pa Middleton High, madzulo akumenyana na Dr. Drakken na Shego. Pambali pake pali Ron Stoppable, mnyamata wamantha amene buluku limamuvuka pakati pa nkhondo, na ka Rufus m'thumba.

Cimene ambili sadziwa n'cakuti Kim anatsala pang'ono kusafika pa tsiku lovala gauni. Masiku amenewo Disney Channel inali na cizolowezi coimitsa pulogilamu ikafika zigawo 65. Masamu ake ni osavuta: gawo limodzi pa tsiku, Mande mpaka Cisanu, kwa mawiki 13. Zikakwana, angazibweleze cabe popanda kulipila zatsopano. Conco mu April 2005 anatulutsa filimu ya So the Drama kuti atseke nkhani. Kim na Ron anapsompsonana pa dansi ya pa sukulu, opanga katuni n'kupita ku nchito zina.

Oonelela anakana. Analemba makalata na maimelo, n'kusonkhanitsa maina pa intaneti, ndipo Disney inaitananso opanga aja. Zigawo zina 22 zinayamba kuoneka mu February 2007, zonse pamodzi n'kukhala 87. Caka coonjezela cimeneci ndiye cinali caka ca Kim cotsiliza ku sekondale.

Mu "Graduation" muli congo cambili. Zilombo ziwili zocokela ku dziko lina la kumwamba, Warhok na Warmonga, zibwela kudzalanda dziko lapansi. Zigwila Drakken, kenako zinyamula Kim pakati pa mwambo, ali m'gauni yake. Ron na Shego, amene akhala adani kucokela paciyambi, akwela roketi imodzi kukawapulumutsa.

Kwa ine zonsezo ni zokongoletsa cabe. Mtima wa nkhani ni mantha a Ron. Kim akulandila makalata a mayunivesiti osiyanasiyana omuitana, pamene iye bokosi lake la makalata lili zii. Sakuopa zilombo monga mmene akuopela kuti mnzake amene akhala naye kucokela ku nasale adzapita kutali n'kumuiwala. Aliyense amene anayembekezelapo zotsatila za Giledi 12 amawadziwa mantha amenewa. Wina wapeza mapointi 6 ndipo akamba za UNZA kapena CBU, iwe ukali kuganiza ngati udzalembanso Masamu. Mumaseka pamodzi pa shopu ya m'komboni, koma aliyense adziwa kuti January wa caka camawa sadzakupezani pamalo amodzi. Pamene Kim avomela kwa Ron kuti nayenso ali na mantha, ndiye pamene katuni iyi inanigwila mtima.

Pali cimodzi cimene cimanibowa mpaka lelo. Pulogilamu ili na dzina la mtsikana amene kwa zaka zisanu anali kupulumutsa aliyense, koma pa nkhondo yotsiliza iye agona pansi wokomoka, ndipo Ron ndiye agonjetsa zilombo na mphamvu zake za anyani. Nimvetsa kuti anafuna kuonetsa kuti Ron wakula, koma akanatha kutelo Kim ali ciimilile.

Pambuyo pake alandila masatifiketi, apita ku phwando la ku gombe, kenako awiliwa akwela motoka ya Kim n'kuuluka nayo kumwamba. Satiuza yunivesiti imene Kim anasankha. Mu February 2019 Disney inatulutsa filimu yatsopano ya Kim Possible yoseweledwa na anthu eni-eni, Sadie Stanley ali Kim. Mmenemo anamubweza pa tsiku lake loyamba pa Middleton High.