Lamulo la mu 1978 limene likufufutabe memory

Pulogalamu ikapempha malo atsopano mu memory, kernel, chimake cha Linux kapena Windows, siyimangopereka. Imayamba yafufuta zimene zinali pamalopo, kuopa kuti pulogalamu ina inasiyapo password kapena uthenga wa munthu. Kufufutako ndi kulemba ziro m'ma byte onse 4096 a tsamba limodzi la memory, ndipo kompyuta ikatanganidwa zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Mbiri ya lamulo lochita ntchitoyi inayamba mu 1978, kampani ya Intel itatulutsa purosesa ya 8086. Inali ndi lamulo lotchedwa STOSB, lolemba byte imodzi n'kusendera pa yotsatira. Ukaliphatikiza ndi REP, purosesa inkabwereza yokha mpaka nambala imene waipatsa itakwana. Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki mu 1991, anagwiritsa ntchito REP STOSB yemweyu polemba memset, kantchito kodzaza memory, ka mu Linux yoyamba, mu assembly.

Koma lamulo looneka lachidulelo silinali lachangu nthawi zonse. Mkati mwa purosesa, REP imadalira microcode, ndipo isanalembe byte yoyamba imataya nthawi kukonzekera, ngati minibasi yodikira kudzaza pomwe woyenda pansi wafika kale. Pa ma byte ochepa kumeneku kunali kutaya nthawi kwenikweni. Akatswiri anayamba kudzilembera njira zawo. Mu Linux ya x86-64 munalowa clear_page_orig, imene inkalemba ma byte 64 ulendo umodzi, malamulo 8 otsatizana, lililonse ma byte 8. Nambala ya 64 sinangotoledwa ayi. Ndiwo muyeso wa mzere umodzi wa cache. Ina, clear_page_rep, inkabwereza STOSQ, lamulo lolemba ma byte 8, ka 512.

Wina angafunse, bwanji osagwiritsa ntchito SSE kapena AVX, zomwe zimalemba zambiri nthawi imodzi? Ma register a SSE ndi AVX amakhala ndi manambala a pulogalamu imene ikuyenda. Kernel ikafuna kuwabwereka iyenera kusunga zonse kaye n'kudzazibwezera, ndipo phindu limathera pomwepo.

Intel inakonza mbali yake. Ma purosesa a Ivy Bridge a mu 2012 anabwera ndi ERMS, imene inachititsa REP STOSB yakale ija kuthamanga pa ntchito zikuluzikulu. Linux inawonjezera clear_page_erms, ya mizere yowerengeka chabe: ika 4096, ika ziro, itana REP STOSB.

Chanzeru kwambiri pa nkhani yonseyi si njira iliyonse mwa zitatuzi, koma kasankhidwe kake. Kompyuta ikamayaka, kernel imafunsa purosesa zimene imatha kudzera pa CPUID, kenaka imasintha malamulo ake omwe mu memory kuti iziitana njira yoyenera popanda kufunsanso. Mu 2023 Torvalds yemwe uja anabwereranso ku assembly ya x86 yokopera ndi kufufuta memory, n'kuchotsamo zina zakale.

Windows inatenga njira ina: ili ndi kantchito kofufutiratu masamba pamene purosesa ilibe chochita. Ma purosesa a ARM a 64-bit ali ndi lamulo lawolawo, DC ZVA, lolemba ziro pa chigawo chathunthu nthawi imodzi, ndipo ndilo limene kernel ya Linux imagwiritsa ntchito m'mafoni ambiri a Android amene anthu akugula ku Limbe ndi ku Lilongwe.