Cholowa cha sukulu: maanja a madokotala ndi abusa ku Britain

M'zaka za m'ma 1800, munthu wolemekezeka ku Britain anali mwini malo, wodya za lendi osagwira ntchito ndi manja. Koma malowo ankasiyidwa kwa mwana wamwamuna woyamba yekha. Azing'ono ake ankafunika chochita chosawatsitsa ulemu, ndipo njira zinali zinayi: ubusa mu mpingo wa Anglican, uloya, udokotala ndi usilikali. Malonda ankanyozeka ngakhale atalemeretsa munthu chotani.

Banja la Darwin likuonetsa bwino mmene zinkayendera. Erasmus Darwin anali dokotala. Mwana wake Robert, dokotalanso ku Shrewsbury, anakwatira Susannah mu 1796, mwana wa Josiah Wedgwood amene analemera ndi fakitale ya mbale zadothi. Kuchimuna kunali ulemu, kuchikazi kunali ndalama. Mwana wawo Charles anamutumiza ku Edinburgh mu 1825 kukaphunzira udokotala, koma mtima unamukana ataona odwala akuwang'amba ali maso, mankhwala ogonetsa kulibe. Bambo ake anangomusamutsira ku Cambridge kuti akhale m'busa. Ubusawo sanaulowe, komabe sanasowe pogwira. Mu 1839 anakwatira msuweni wake Emma Wedgwood, chuma n'kutsalira pachibale. Mwa ana awo, William anayendetsa banki, George anakhala pulofesa ku Cambridge, Leonard analowa usilikali.

Boma linayesa kutsegula makomo. Lamulo la 1858 linakhazikitsa kaundula wa madokotala ovomerezeka. Kuyambira 1870 ntchito zambiri zaboma zinkafuna mayeso a mpikisano, ndipo mu 1871 kugula udindo wa usilikali ndi ndalama kunathetsedwa. Koma mayesowo ankakomera odziwa Chilatini ndi Chigiriki, zomwe zinkaphunzitsidwa mozama m'sukulu zodula monga Eton, Harrow ndi Rugby. Wopambana nthawi zambiri anali mwana wa loya kapena wa m'busa yemwe uja.

Mwana wa mmphawi ankachita kukhetsa thukuta. David Livingstone analowa fakitale ya thonje ku Blantyre, Scotland, ali ndi zaka 10. Ankagwira ntchito kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu yausiku. Satifiketi ya udokotala anailandira mu 1840 ali ndi zaka 27, ntchito yomwe Charles Darwin anaitaya asanakwanitse zaka 20.