Kalulu Woumba ndi Nyemba

Amene amaona zithunzi za timaswiti ta ku Japan toumbidwa ngati akalulu ndi anapiye amayesa kuti ndi zobwera ndi intaneti. Ayi ndithu. Buku la Genji Monogatari, lolembedwa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, limatchula kale inoko mochi, chakudya cha mpunga womata chimene anthu ankadya mwezi wachikhumi pa tsiku la nguluwe, pofuna thanzi ndi ana ambiri. Mpaka lero amachiumba ngati kamwana ka nguluwe.

Chimene chinkasowa ndi shuga. Mu 1569 wansembe wa Chipwitikizi Luís Fróis anapatsa Oda Nobunaga timaswiti ta konpeito, ndipo inali mphatso yoyenera wolamulira dziko. M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, shuga ankatsikira padoko la Nagasaki n'kunyamulidwa pamsewu wopita ku Kokura, ndipo midzi ya m'mbali mwa msewuwo inazolowera zotsekemera. Umodzi mwa midziyo ndi Iizuka, kumene kale anthu ankakumba malasha. Kumeneko mu 1912 kunabadwa Hiyoko, kabanzi kooneka ngati kamwanapiye kotukula mutu. Nkhani imeneyi imandikhudza: anthu otuluka m'mgodi ali bii, otopa, n'kumagula kamwanapiye kotsekemera.

Akatswiri a ku Kyoto ndi Edo, opangira anthu a mwambo wa tiyi, ndiwo anakometsa luso loumba ndi phala la nyemba. Limene ine ndimaumba pakhomo ndi nerikiri. Mumaphika nyemba zoyera mpaka zifewe, n'kuzisefa, kuthira shuga, kuumitsa pamoto, kenako kusakaniza ndi ufa wa mpunga womata wophikidwa kuti phalalo ligwirane. Kusefa n'kotopetsa, koma mukathamangira pamenepa, nkhope ya kalulu imang'aluka. Makutu mumalemba ndi kamtengo ka ngodya zitatu.

Chimene ndimalemekeza kwambiri n'chakuti nyama iliyonse ili ndi nyengo yake. Kalulu ndi wa tsukimi, nthawi yoonerera mwezi m'dzinja lawo la masamba ofiira, chifukwa Ajapani amaona kalulu akusinja mpunga pamwezi. Uguisu mochi, yowazidwa ufa wa soya wobiriwira kuti ifanane ndi kambalame ka uguisu, imabwera kuzizira kukamatha. Kuumba nyama iliyonse tsiku lililonse chifukwa ndi yokongola pa chithunzi n'kutaya theka la lusoli.

Mu 2022 boma la Japan linalemba luso la nerikiri m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe chawo. Inu amene mukufuna kuyesa kunyumba, yambani mwadziwa nyengo ya nyama imene mukuumbayo.