Tanthauzo la mawu akuti "his and hers"

Mawu a Chingerezi akuti "his and hers" amanena za zinthu ziwiri zofanana zopangidwira mwamuna ndi mkazi wake, kapena anthu amene ali pachibwenzi: matawulo, makapu, mawotchi, ngakhale mabeseni awiri osambira m'manja m'bafa imodzi, monga zilili m'nyumba zina ku America. Chingerezi chimasiyanitsa mwini chinthu potengera kuti ndi mwamuna kapena mkazi, pomwe ife timangoti "chake" kwa onse awiri. N'chifukwa chake mawuwa amanyamula mfundo ziwiri pakamodzi. Zinthuzo n'zofanana posonyeza umodzi, koma chilichonse chili ndi mwini wake, moti tawulo lolembedwa "his" si la mayi ngakhale nsalu yake ili imodzimodzi.

Ena amati ndi nzeru za amalonda chabe, zofuna kugulitsa ziwiri pomwe chimodzi chikanakwanira. Sakunama kwenikweni, chifukwa mawuwa amachuluka pa mphatso za ukwati ndiponso pa 14 February, tsiku la okondana. Koma mtima wofuna kufanana ndi wokondedwa wako sanauyambitse ndi amalonda, anangoupeza ulipo kale. Pa chinkhoswe kuno kwathu, mkwati ndi mkwatibwi amasoketsa malaya ndi diresi pa nsalu imodzi popanda wowaphunzitsa Chingerezi. Kusiyana kwake n'kwakuti chitenje chimalengeza pagulu, pomwe tawulo limakhala m'nyumba. Choncho mukamva "his and hers" m'sitolo, musayembekezere chinthu chimodzi chogawana. Mukugula ziwiri, aliyense chake.