Cholowa cha Malo Kudzera mwa Akazi

Pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati cha Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, mtundu wa munthu umatsata bere la mayi ake, ndipo minda imasiyidwa kwa ana aakazi. Malowo amakhala a mbumba, kutanthauza akazi apachibale pamodzi ndi ana awo, ndipo woyang'anira mbumbayo amakhala mlongo wawo wamkulu kapena malume awo. Pa ukwati wachikamwini mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi n'kumalima munda wakuchikazi, koma banja likatha amachoka osatenga malowo.

Mwambowu umasiyana ndi wa eni malo akuluakulu a ku England, kumene malo onse ankapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo ana aakazi ankagawana pokhapokha pakasowa wamwamuna. Mkazi wolandira malo akakwatiwa, phindu la malowo linkakhala m'manja mwa mwamuna wake, kufikira pamene malamulo a 1870 ndi 1882 analola akazi apabanja kulamulira chuma chawo. Ku Malawi, lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo wamasiye ndi ana, komanso limaletsa achibale kulanda chumacho.