Mbiri ya Phunziro la Ulendo wa Ngwazi

M'masukulu ambiri a ku America muli phunziro limene dzina lace ndi Ulendo wa Ngwazi. Mphunzitsi amalemba mkombero pa bolodi naugawa zigawo 12, ndipo ana amawerenga buku la nthano, nafunafuna pamene ngwazi inaitanidwa, pamene inakana, pamene inakomana ndi mlangizi, kufikira pamene inabwerera kwao. Ambiri amayesa kuti mkomberowo ngwa makolo akale lomwe, koma mbiri yace njaifupi ndithu.

Mbeu yace inafesedwa m'caka ca 1909, pamene Arnold van Gennep anasindikiza ku France buku lofotokoza miyambo ya mitundu yambiri ya anthu. Iye anaona kuti pa cinamwali, pa ukwati ndi pa maliro, munthu amayamba wapatulidwa kwa anzace, nakhala nthawi ina pakatikati, kenaka nalandiridwanso ali munthu wina. Yense amene anaonapo namwali akulowa m'tsimba ndi kuturukamo atalangidwa sadzabvutika kumva cimene iye anatanthauza.

Amene anatenga maganizo amenewa ndi kuwaika pa nthano ndiye Joseph Campbell, mphunzitsi wa pa Sarah Lawrence College kufupi ndi New York, pamene anagwirapo nchito zaka 38. M'buku lace la 1949, The Hero with a Thousand Faces, ananena kuti ngwazi za m'nthano za maiko onse zimayenda njira imodzi monga ya namwali: kucoka, kuyesedwa, ndi kubwera. Njirayo anaigawa zigawo 17. Dzina lace linamveka kutali pamene George Lucas, amene anapanga kanema wa Star Wars m'1977, anabvomera kuti bukulo linamthandiza. Ndipo m'1988, iye atamwalira caka capitaco, anthu ambiri anaona pa wailesi ya kanema zokambirana zace ndi Bill Moyers.

Nanga zigawo 12 zinacokera kuti? M'1985 Christopher Vogler, amene anali kuwerenga nkhani za makanema ku kampani ya Disney, analemba masamba 7 ofupikitsa ciphunzitso ca Campbell kuti athandize anzace pa nchito, ndipo m'1992 anawakuza nakhala buku. Cotero mkombero wa pa bolodi uja unasemedwa ndi opanga makanema, amene cofuna cao cinali cakuti nkhani igwire mtima wa oonera.

Limodzi mwa mabuku amene aphunzitsi amakonda kuyeserapo mkomberowu ndi The Hobbit, la J. R. R. Tolkien, mphunzitsi wa ku Oxford. Linaturuka pa 21 September 1937, zaka 12 buku la Campbell lisanaoneke, motero mlembi wace sanatsate muyeso wa Campbell. Wosindikiza, Stanley Unwin, anayamba wapatsa mwana wace Rayner, wa zaka 10, kuti aliwerenge, namlipira sheleni imodzi. Mwanayo ataliyamika, analisindikiza.

Poyamba nthanoyo imalowa m'mkombero monga mpini m'khasu. Bilbo Baggins, kamunthu kokonda kudya ndi kukhala phee pakhomo, aitanidwa ndi nkhalamba ya matsenga, Gandalf, kuti aperekeze akafula 13 kukalanda cuma ca makolo ao kwa cinjoka coturutsa moto, dzina lace Smaug. Iye akana, koma m'mawa mwace athamangira ulendowo. M'mapanga a mdima pansi pa mapiri atola mphete yombisa kuti asaoneke, napikisana zirapi ndi Gollum, moyo wace uli cikole. Kufikira apa mwana amadzaza zigawo zace mosabvuta, ngakhale ngwaziyo si mnyamata ai, koma munthu wa zaka 50.

Koma pa cimace pa nkhani mpini uguluka. Bilbo sapha cinjoka. Amene acilasa ndi mubvi ndi munthu wina, Bard. Cinjoka citafa, Thorin, mfumu ya akafula, agwidwa ndi umbombo, nakana kugawirako anthu amene mudzi wao unatenthedwa, ndipo nkhondo iyandikira. Pamenepo Bilbo atenga mwala wa mtengo wapatali, Arkenstone, umene Thorin anaukhumba koposa cuma conse, naupereka usiku kwa a mbali inayo kuti akhale ndi cogulira mtendere. Atatero abwerera yekha kwa anzace, podziwa kuti adzamuyesa wowapereka. Ici ndico camuna cace cacikulu m'buku lonse, ndipo mwana amene afunafuna lupanga ndi mwazi pa cigawo cimeneci adzacipitirira osaciona. Nkhondo itabuka, mwala umgunda pamutu, ndipo kutha kwace kumpeza ali cikomokere.

Akatswiri a nthano za makolo anadandaula kuti Campbell anasankha nthano zomkomera nasiya zotsutsana naye, ndipo m'1990 Maureen Murdock analemba buku losonyeza kuti ulendo wa mkazi suyenda m'njira imeneyi. Madandaulo ao ali ndi cifukwa. Komabe mkomberowo suyenera kutayidwa, pakuti mwana amene waudziwa ndiye angathe kuzindikira pamene mlembi wapatuka, nafunsa cifukwa cace. Mphunzitsi amene amapereka mamalikisi pa zigawo zodzazidwa zokha waphunzitsa Vogler, Tolkien wamsiya panja.

Ngakhale kubwera kwa Bilbo sikulingana ndi kwa namwali amene amlandira ndi nthungululu. Atatha caka ndi miyezi, afika ndi timabokosi tiwiri, ka siliva ndi ka golidi, napeza kuti anthu anamuyesa wakufa, katundu wace akugulitsidwa pakhomo, ndipo abale ace akuyesa zipinda kuti alowemo. Zambiri anacita kuombola ndi ndalama zace, anansi analeka kumcitira ulemu, ndipo masupuni ace a siliva sanawapezenso onse.